Kodi Mumadziwa? Santa Fe, Tawuni ya M'chipululu Kumene Mbiya Ndi Chuma

Ku New Mexico, kummwera chakumadzulo kwa dziko la America, kuli tawuni imene anthu amapitako kuchokera kumayiko akutali n'cholinga chokaona mbiya. Tawuniyo ndi Santa Fe. Ngati zoumbaumba zimakutengani mtima, nazi mfundo za tawuniyi, midzi yoizungulira, amisiri ake ndi malo oti mukaone.

TAWUNI YAKE

Kodi mumadziwa kuti Santa Fe ndi likulu lakale kuposa malikulu onse a zigawo 50 za dziko la America? Atsamunda a ku Spain anakhazikitsa tawuniyi m'chaka cha 1610 motsogozedwa ndi bwanamkubwa Pedro de Peralta, pamalo pamene kale pankakhala anthu olankhula chinenero cha Tewa. Apa n'kuti kudakali zaka 166 kuti dziko la America lilengeze ufulu wodzilamulira. Kalembera wa 2020 anapezamo anthu oposa 87,000.

Kodi mumadziwa kuti chipululu chake n'chozizira? Tawuniyi ili pamalo okwera mamita oposa 2,100, m'tsinde mwa mapiri a Sangre de Cristo, ndipo imalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 360 okha pachaka. Si chipululu cha mchenga wokhawokha ayi. Ndi cha zitunda zofiira, zigwembe zouma ndi timitengo tafupitafupi ta piñon ndi juniper. Mu Disembala ndi Januwale kumagwa chipale chofewa. Mlendo wongofika kumene amatha kuchita phuma akakwera kachitunda kakang'ono, choncho yendani mofatsa ndipo botolo la madzi lisakuchokeni m'manja.

Nanga mumadziwa kuti kumeneko mtundu wa nyumba ndi nkhani ya lamulo? M'chaka cha 1957 khonsolo ya mzindawu inalamula kuti nyumba za m'dera lake lakale zizitsata kamangidwe ka makolo: madenga afulati, makoma okhuthala, mtundu wa dothi. Nyumba zakalezo ndi za zidina zenizeni. Zatsopano zambiri amangozipaka pulasitala wooneka ngati dothi, koma mahotela, mabanki ndi masitolo onse amavala chovala chimodzi.

Kodi mumadziwa kuti mu 2005 Santa Fe inakhala tawuni yoyamba ya ku America kulowa m'gulu la mizinda ya zaluso la bungwe la UNESCO? Inalowa chifukwa cha ntchito zamanja. Msewu umodzi wokha, Canyon Road, uli ndi nyumba zoonetsera ndi kugulitsa zaluso zoposa 80 pa mtunda wosakwana kilomita imodzi.

Kodi mumadziwa kuti eni mbiyazi sakhala m'tawunimo kwenikweni? Ndi anthu a mtundu wa Pueblo, eni nthaka amene Azungu anawapeza, ndipo ali ndi midzi 19 ku New Mexico. Mudzi uliwonse uli ndi boma lakelake, bwanamkubwa wake ndi kaumbidwe kake. Mu 1680 midziyi inagwirizana, motsogozedwa ndi Popé, n'kupirikitsa atsamunda a ku Spain, amene anakhala zaka 12 asanabwerere. Kulimba mtima kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zinenero zawo, magule awo ndi maluso awo zilipobe mpaka lero.

MMENE AMAUMBIRA

Kodi mumadziwa kuti mbiya zodula kwambiri za ku Santa Fe siziumbidwa ndi makina ozungulira aja? Woumba amayamba ndi kabale kosaya kotchedwa puki, n'kuyalamo dongo kuti likhale matako a mbiya. Kenaka amapota dongo lina m'manja kukhala zingwe zonenepa, n'kumazisanjikiza mzere pamwamba pa mzere. Akatero amapala khoma ndi kachidutswa ka chipanda mpaka mizere ija itazimiririka. Amayi oumba mitsuko ku Malawi kuno atafika kumeneko sangafunse zambiri, pakuti ntchitoyi amaidziwa. Anthu a m'derali akhala akuumba motere kwa zaka pafupifupi 2,000.

Kodi mumadziwa kuti sakatapa dongo chimanjamanja? Oumba ambiri akafika pamtapo amayamba awaza ufa wa chimanga ndi kupemphera, kupempha chilolezo kwa Mayi Dongo, ndipo amatapa lokwanira ntchito yawo basi. Mitapo ina ndi ya banja, yosaulula kwa mlendo. Dongolo likafika kunyumba amaliyanika, amalinyika, amalisefa n'kuchotsamo timiyala ndi mizu. Ntchito yokonza dongo yokha imadya masiku ambiri mbiya isanayambe n'komwe.

Kodi mumadziwa kuti katswiri akhoza kudziwa kwawo kwa mbiya pongoyang'ana phale lake? Dongo lokha limang'aluka pouma, choncho mudzi uliwonse uli ndi chosakaniza chake cholimbitsira. Ku San Ildefonso amathiramo phulusa la mapiri amene anaphulika kalekale. Ku Zia amasinja mwala wakuda wa chiphalaphala chouma, n'chifukwa chake mbiya zawo zimalemera. Ku Acoma ndi ku Zuni amapera mapale a mbiya zakale n'kuwasakaniza ndi dongo latsopano, moti mbiya ya lero imatha kukhala ndi fumbi la mbiya imene inaumbidwa zaka mazana angapo zapitazo.

Kodi mumadziwa kuti kunyezimira kwa mbiyazi si kwa penti kapena vanishi? Mbiya ikauma amaikwecha kuti isalale, n'kuipaka phala lamadzimadzi la dothi lofiira kangapo konse. Phalalo lisanaumitse, woumba amatenga kamwala kosalala n'kuyamba kukulungiza, mzere ndi mzere, osapumira, chifukwa likauma ndiye kuti mwayi watha ndipo kamwala kamangokanda. Mbiya yaikulu imamudyera maola ambiri ali chikhalire. Timiyala timeneti ndi chuma cha banja: agogo amasiyira mwana wawo, mwanayo n'kudzasiyira mdzukulu.

Kodi mumadziwa kuti utoto wakuda wojambulira mbiya amauphika kuchokera ku ndiwo zamasamba? Chomera chake, chimene Azungu amati Rocky Mountain bee plant, ndi m'bale wake wa luni, ndipo masamba ake anthete amadyedwa. Oumba amachiwiritsa nthawi yaitali mpaka madzi ake atasanduka phala lakuda lomata, n'kuliumitsa. Akafuna kujambula amangolisungunula ndi madzi. Midzi ina imasakanizamo mwala wopera wokhala ndi chitsulo. Burashi yake ndi katsamba ka yucca, chomera cha masamba osongoka ngati khonje. Amatafuna nsonga yake mpaka patatsala ulusi wowerengeka, ndipo ndi ulusi umenewo amajambula mizere yowongoka popanda rula.

Kodi mumadziwa kuti mbiya yofiira ndi yakuda zimachokera ku dongo limodzi, ndipo chimazisiyanitsa ndi ndowe? Powotcha amasanja mbiya pa chitsulo chokwezeka, n'kuzitchinga ndi zidutswa za malata, kunja kwake n'kuyalako ndowe zouma za ng'ombe, pansi nkhuni za juniper. Moto ukayaka mpaka kuzima wokha, mbiya zimatuluka zofiira psuu. Koma woumba akafuna zakuda, moto uli pachimake amaufotsera ndi ndowe za akavalo zoperapera pamodzi ndi phulusa. Mpweya umatsekeka, utsi umatsamwa m'katimo n'kulowerera m'khoma la mbiya, ndipo pofukula amapeza zili bii, zikung'anima. Mphepo ikangowomba molakwika tsiku limenelo, ntchito ya miyezi ingapo imatha kusweka kapena kuthimbirira.

Nanga mumadziwa kuti luso lina linatayika? Kuyambira cha m'ma 1300 mpaka cha m'ma 1700, oumba a m'chigwa cha mtsinje wa Rio Grande ankajambula mbiya ndi utoto wa mtovu umene unkasungunuka pamoto n'kuuma ngati galasi. Mtovu wambiri unkachokera ku mapiri a Cerrillos, kummwera kwa Santa Fe. M'nthawi ya atsamunda kajambulidwe kameneka kanazimirira, ndipo lero mbiya zotere mungazione m'nyumba zosungiramo zinthu zakale.

Kodi mumadziwa chifukwa chake mitsuko yawo yakale ili ndi matako olowa m'kati? Ankaiumba choncho kuti ikhazikike bwino pamutu potunga madzi. Ndipo pa mbiya zambiri za ku Kewa, Cochiti ndi Zuni, mzere wozungulira kukamwa saulumikiza. Amasiya kampata dala. Musaganize kuti wojambula analakwitsa.

AMISIRI AMENE ANATCHUKITSA DONGO

Kodi mumadziwa kuti woumba mbiya wotchuka kwambiri mwa eni nthaka a ku America anali mayi wa m'mudzi waung'ono wa San Ildefonso, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Santa Fe? Dzina lake Maria Martinez, ndipo anamwalira mu 1980 ali ndi zaka zoposa 90. Mu 1908 mwamuna wake Julian ankagwira ganyu yofukula midzi yakale pansi pa katswiri wina, Edgar Lee Hewett, amene anapempha Maria kuti ayese kuumba mbiya zofanana ndi mapale ofukulidwawo. Awiriwa anapitiriza kuyesa njira zosiyanasiyana, ndipo pofika cha m'ma 1919 anatulukira kajambulidwe kachilendo: chakuda pa chakuda. Maria ankaumba ndi kukulungiza, Julian n'kujambula ndi phala la dothi pamwamba pa khoma lonyezimiralo. Zikapsa mu utsi, pojambulidwa paja pankatuluka pakuda pothimbirira, pena ponse pakuda powala. Chithunzi chake chimaoneka bwino mukaipendeketsa mbiyayo pa kuwala.

Kodi mumadziwa kuti Maria sanaumire luso lakelo? Anaphunzitsa azibale ake ndi anansi, ndipo mudzi umene unali pa umphawi unayamba kupeza ndalama kuchokera ku mbiya. Julian atamwalira mu 1943, ntchito yojambula inapita kwa mpongozi wake Santana, kenaka kwa mwana wake Popovi Da. Zithunzi ziwiri zimene banjali limadziwika nazo ndi nthenga zozungulira mbale ndi Avanyu, njoka ya m'madzi ya nyanga imene lilime lake ndi chiphaliwali.

Kodi mumadziwa kuti kale mbiya sinkalembedwa dzina? Inali chiwiya cha pakhomo, ndipo aliyense m'mudzi ankadziwa dzanja la mnzake. Maria anali mmodzi mwa oyamba kulemba dzina kunsi kwa mbiya, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Poyamba ankalemba kuti "Marie", kenaka "Marie + Julian". Lero akatswiri amagwiritsa ntchito kalembedwe ka dzinalo podziwa nthawi imene mbiya inaumbidwa, ndipo mbiya zake zimagulidwa madola masauzande ambiri.

Kodi munamvapo za mtsuko wokhala ndi phazi la chimbalangondo? Ndi chizindikiro cha mudzi wa Santa Clara. Nthano yawo imati pa nthawi ya chilala chimbalangondo ndicho chinalondolera anthu kumene kunali madzi, choncho phazi lake amalidinda pa mitsuko. Katswiri wa mitsuko imeneyi anali Margaret Tafoya, amene anabadwa mu 1904 n'kumwalira mu 2001. Anaphunzira kwa mayi ake, Sara Fina Tafoya, ndipo ankaumba mitsuko ikuluikulu imene ena ankaopa, chifukwa mtsuko ukakula umavuta kukulungiza ndipo suchedwa kung'aluka pamoto. Mu 1984 boma la America linamupatsa ulemu wa National Heritage Fellowship. Ku Santa Clara komweko n'kumene kumatchuka mbiya zogoba mozama ndi mtsuko wa ukwati wa milomo iwiri, wina womwera mkwati, wina mkwatibwi.

Kodi mumadziwa kuti chidole chadongo chodziwika kwambiri ku New Mexico chinaumbidwa ndi mayi amene mbiya zinkamukanika? Helen Cordero wa ku Cochiti anayamba kuumba ali wamkulu kale, ndipo mbale zake zinkatuluka zokhota. Atalangizidwa kuti ayese zidole, dzanja lake linapeza kwawo. Mu 1964 anaumba bambo wokhala pansi, maso otsinzina, kukamwa yasa, ana 5 atamukwera thupi lonse. Ankakumbukira agogo ake aamuna, Santiago Quintana, katswiri wa nthano. Chidolecho chinatchedwa Storyteller, ndipo lero amisiri ambirimbiri m'midzi yosiyanasiyana amaumba zawo, zina zokhala ndi ana makumimakumi. Ku Cochiti zidole si zachilendo: kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ankaumba kale zoseka Azungu, ansembe ndi anthu a masewera oyendayenda.

Kodi mumadziwa kuti mbiya zopyapyala kwambiri zimachokera pamwamba pa thanthwe? Mudzi wa Acoma, umene amautcha Sky City, uli pamwamba pa phiri lafulati lotalika mamita pafupifupi 110, makilomita pafupifupi 100 kumadzulo kwa Albuquerque. Anthu akhalapo kuyambira cha m'ma 1100, ndipo pamwambapo palibe magetsi a mawaya kapena madzi a m'mipopi. Dongo lawo ndi lolimba moti khoma la mbiya limatha kupyapyala kwambiri, ndipo yopsa bwino ukaigogoda ndi chala imalira ngwee. Lucy Lewis, amene anamwalira mu 1992, ndi Marie Chino anatchukitsa mbiya zoyera zodzaza ndi timizere takuda tothithikana. Mlendo saloledwa kukwera yekha. Amayambira ku Sky City Cultural Center m'munsi n'kupita ndi womuperekeza.

Kodi mumadziwa kuti pali mphika wonyezimira ngati wawazidwa golide koma ntchito yake n'kuphika nyemba? Ku Taos ndi ku Picuris dongo lake lili kale ndi timiyala tong'anima totchedwa mica, choncho silifuna chosakaniza china. Miphika yake kawirikawiri saijambula. Chokongoletsa chake ndi mabala akuda amene moto umasiya. Imapirira moto ndipo imasunga kutentha. Kwa nthawi yaitali ogula ankaiona ngati ya kukhitchini chabe, mpaka mu 2001 pamene mtsuko wa Lonnie Vigil wa ku Nambé unapambana mphoto yaikulu koposa pa msika wa Santa Fe Indian Market. Mudzi wa Taos, wa nyumba zosanja za dothi, uli pa mndandanda wa malo a chikhalidwe a UNESCO kuyambira 1992.

Kodi mumadziwa kuti mbendera ya New Mexico inachokera pa mtsuko? Chizindikiro chake, dzuwa lofiira lokhala ndi mizere inayi kumbali zonse zinayi, anachitenga dokotala Harry Mera pa mtsuko wakale wa ku Zia, ndipo mbenderayo inavomerezedwa mu 1925. Kwa anthu a ku Zia chizindikirochi n'chopatulika, ndipo akhala akupempha kuti ofuna kuchigwiritsa ntchito pa malonda aziyamba apempha.

Nanga mumadziwa kuti si mbiya zonse za m'masitolo a ku Santa Fe zimene ndi za ku New Mexico? Zachikasu zambiri ndi za Ahopi a ku Arizona, otsata mapazi a mayi Nampeyo, amene anamwalira mu 1942 atadzutsa zojambula za mudzi wakale wa Sikyatki. Zina zimachokera ku Mata Ortiz, mudzi wa m'chipululu cha Chihuahua ku Mexico, kumene Juan Quezada anadziphunzitsa yekha kuumba poyang'ana mapale amene ankatola potema nkhuni. Mu 1976 Spencer MacCallum anapeza mbiya zake 3 m'sitolo ya zinthu zakale ku Deming, n'kuyamba kufunafuna mwini wake. Oumba a kumeneko amajambula ndi burashi ya tsitsi la munthu.

KOKAONA

Kodi mumadziwa kuti msika wabwino woyambirapo uli pakhonde? Nyumba ya Palace of the Governors, imene inamangidwa cha m'ma 1610 moyang'anana ndi bwalo lalikulu la tawuniyi, ili ndi khonde lalitali pamene eni nthaka amayala malonda awo pa mabulangeti pafupifupi tsiku lililonse. Malo ndi ochepa, choncho m'mawa amachita maere. Lamulo lake n'lakuti chogulitsidwa chikhale chopangidwa ndi wogulitsayo kapena a m'nyumba mwake. Apa mumagula kwa mwini dzanja, ndipo mutha kumufunsa zonse.

Kodi mumadziwa kuti mu Ogasiti tawuniyi imalandira alendo ochuluka kuposa eni ake? Msika wa Santa Fe Indian Market unayamba mu 1922 ndipo umachitika kumathero a sabata yachitatu ya mweziwo. Kumabwera amisiri pafupifupi 1,000 ochokera m'mitundu yoposa 200, ndi alendo pafupifupi 100,000. Oweruza amayamba aona ntchito zonse n'kupereka mphoto, ndipo ogula ena amakaima pa malo a mmisiri wopambana kusanache. Amene akufuna malo ogona nthawi imeneyo amasungitsiratu kudakali miyezi.

Kodi mumadziwa kuti pa chitunda chimodzi pali nyumba zingapo zosungiramo zinthu zakale? Chitundacho ndi Museum Hill. Wokonda mbiya ayambire ku Museum of Indian Arts and Culture, imene inatsegulidwa mu 1987, kumene angaone mbiya za midzi yosiyanasiyana zitandandalikidwa kuyambira zamakedzana mpaka za lero. Mu 2022 kumeneko kunachitika chionetsero cha Grounded in Clay, chimene mbiya zake zoposa 100 zinasankhidwa ndi anthu a m'midzi ya Pueblo eni ake, oposa 60. Chaka chotsatira chinapita ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Pafupi pomwepo pali Wheelwright Museum ya 1937 ndi Museum of International Folk Art ya 1953. Mu Julayi tawuniyi imachititsanso International Folk Art Market, msika umene unayamba mu 2004 ndipo kumafika amisiri a ku Africa.

Kodi mumadziwa kuti mbiya zina zokongola koposa sizili pa chionetsero? Bungwe la School for Advanced Research limasunga zinthu pafupifupi 12,000 za eni nthaka m'zipinda zotetezedwa, ndipo mlendo amalowamo pokhapokha atasungitsiratu malo. M'katimo mitsuko yandandalikidwa pa mashelefu popanda galasi lotchinga. Oumba a m'midzi amapitanso komweko kukaphunzira pa ntchito za agogo awo.

Kodi mumadziwa kuti mbiya 100 zinabwerera kwawo? Mu 2019 bungwe la Smithsonian linatumiza mbiya zakale za anthu a Tewa ku Poeh Cultural Center ku Pojoaque, kumpoto kwa Santa Fe, zitakhala kutali kwa zaka pafupifupi 100. Pamalo omwewo pali nyumba yadothi yoonetsera ziboliboli za Roxanne Swentzell wa ku Santa Clara. Mukapitirira mpaka ku Taos, ku Millicent Rogers Museum kuli mbiya zimene banja la Maria Martinez linkasunga.

Kodi mumadziwa kuti sitima ya pamtunda inatsala pang'ono kupha luso limeneli, koma n'kulipulumutsanso? Njanji inafika mu 1880 ndipo inabweretsa ndowa ndi mapoto achitsulo, moti mitsuko inayamba kusowa ntchito pakhomo. Sitima yomweyo inabweretsanso alendo ofuna kanthu kokaonetsa kwawo. Oumba anayamba kuumba tinthu ting'onoting'ono tokwana m'chikwama, ndipo ku Tesuque ankaumba tizidole tambirimbiri totchedwa milungu ya mvula. Kuyambira pamenepo mbiya yabwino inkapita kwa wogula, mwini wake n'kumaphikira m'poto. Paja amati woumba mbiya amadyera m'phale.

Kodi mumadziwa kuti mudzi uliwonse uli ndi tsiku lake la chikondwerero, ndipo ambiri amalola alendo? Ku San Ildefonso ndi pa 23 Januwale, ku Cochiti pa 14 Julayi, ku Kewa pa 4 Ogasiti, ku Santa Clara pa 12 Ogasiti, ku Acoma pa 2 Seputembala, ku Taos pa 30 Seputembala. Magule a masiku amenewa ndi mapemphero, choncho saombera m'manja ndipo sadutsa pakati pa ovina. Midzi yambiri imaletsa kujambula zithunzi, ngakhale ndi foni. Ina imafuna chilolezo cholipira. M'nyumba ya mapemphero yotchedwa kiva ndi kumanda mlendo salowako. Nthawi zina mudzi umatsekedwa kwa alendo chifukwa cha miyambo, choncho funsani kaye musananyamuke.

MUSANATULUTSE CHIKWAMA

Kodi mumadziwa kuti pali mbiya za m'chikombole? Izi amazigula zoumbaumba kale ku fakitale, mmisiri n'kungojambula ndi kuwotcha mu uvuni wamagetsi. Si mlandu kuzigulitsa malinga wogula wauzidwa zoona, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Kuti musiyanitse, pemphani chilolezo n'kupisa chala m'kati: youmbidwa ndi manja imakhala ndi tizigwa ndi timizere ta chopalira, pamene ya m'chikombole imasalala paliponse ndipo imakhala ndi anzake ofanana nayo ndendende pa shelefu.

Kodi mumadziwa kuti kunamiza wogula ndi mlandu waukulu? Lamulo la Indian Arts and Crafts Act la 1990 limaletsa kugulitsa chinthu ponama kuti chinapangidwa ndi eni nthaka. Wolakwa koyamba akhoza kulipitsidwa mpaka madola 250,000, kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 5, kapena zonse ziwiri.

Kodi mumadziwa kuti kutola phale kungakutsekeretseni? Ku Bandelier National Monument ndi ku Puye, kumene makolo a anthu a Pueblo ankakhala m'mapanga ogoba m'matanthwe, mapale amapezeka pansi. Kuona n'kololedwa, kutenga ayi. Lamulo la 1979 limateteza zinthu zakale pa malo a boma ndi a eni nthaka. Chifukwa chake chilipo. Mbale za anthu a Mimbres, zoumbidwa pakati pa 1000 ndi 1130, zambiri zinali zoboola pansi n'kuvundikira pamutu pa womwalira. Ogula atayamba kuzikonda, akuba anagumula manda ndi midzi yathunthu, ena ndi mathalakitala. Lamulo lina la 1990, lotchedwa NAGPRA, limalamula nyumba zosungiramo zinthu zakale zolandira ndalama za boma kubweza mafupa ndi zinthu zopatulika kwa eni ake.

Kodi mumadziwa kuti mtsuko wakuda wonyezimira uja suthiridwa madzi? Unapsa ndi moto wochepa mphamvu, ndipo madzi amalowerera m'khoma n'kuwononga kuwala kwake kosabwereranso. Musaikemo maluwa, musautsuke, musaumate pepala la zomatira. Ingoupukutani fumbi ndi kansalu kofewa kouma. Ponyamula gwirani ndi manja awiri cha kumatako, osati kukamwa, ndipo vulani kaye mphete. M'ndege ukhale m'chikwama cha m'manja.

Mukadzafika kumeneko, musathamangire yotsika mtengo kapena yowala koposa. Mufunseni wogulitsa mafunso anayi: waumba ndani, ndi wa mudzi uti, dongo lachokera kuti, ndipo yawotchedwa bwanji. Mmisiri weniweni amayankha mosangalala ndipo amakulemberani pa lisiti. Chimene chinakweza mbiya za ku Santa Fe si makina ayi, koma ntchito yosamala, dzina la mwini kunsi kwa mbiya, msika wodalirika ndi lamulo loteteza. Manja oterowo ndi kuno aliko. Tsiku lina mukamagula mtsuko pamsika wakwanu, funsani dzina la mayi amene anauumba, ndipo mulipireni mosanyinyirika.